Milomo inatupa titadya crawfish ndi anzanga: ndi tsabola kapena zikundiwenga?

"Adokotala, ndine mtsikana wa zaka 27. Kwathu ndi ku Zomba koma ndikugwira ntchito ku Houston, ku Texas. Anzanga a kuntchito amakonda kupita Lachisanu madzulo ku kalesitilanti kena komwe amawiritsa tinyama ta m'madzi ta zigoba totchedwa crawfish ndi shrimp, komanso miyendo ya nkhanu, pamodzi ndi chimanga ndi mbatatesi, n'kubweretsa zonse mu jumbo atathiramo batala, adyo ndi tsabola wambiri. Timadya ndi manja uku tikucheza mpaka usiku. Maulendo awiri oyamba sindinaone vuto, kupatula kuti m'kamwa munkayabwa pang'ono. Sabata yatha, tisanamalize n'komwe kudya, milomo inatupa, m'manja munayamba kuyabwa, pamimba ndi kumsana kunatuluka zidzolo zikuluzikulu, ndipo kummero kunkamveka ngati kwathina. Mnzanga anandipatsa piritsi la ziwengo lotchedwa Benadryl ndipo patatha maola awiri zinatha. Tsikulo ndinali nditamwa ibuprofen chifukwa cha msambo, komanso ndinamwa botolo limodzi la mowa. Anzanga akuti ndi tsabola chabe, ulendo wina ndidzaitanitse zosawawa kwambiri. Koma ine ndakula ndikudya kambuzi, ndipo chambo ndi usipa sizinandiwengepo. Ndili mwana ndinkadwala mphumu. Mwezi wamawa mmodzi wa ife akukondwerera tsiku lake lobadwa komweko. Ndipite? Ndidye? Sindikufuna kukhala munthu wovuta pagulu, chifukwa anthu amenewa ndi amene andilandira kuno."

Achemwali, choyamba mtima ukhale m'malo. Zimene zakuchitikiranizi madokotala timazidziwa bwino, ndipo anthu ambiri ali ndi vuto lomweli koma akukhala bwinobwino, akudya m'malesitilanti, akucheza ndi anzawo. Simuli munthu wovuta ayi. Ndikumvetsanso chifukwa chake tebulo limenelo mukuliwerengera chonchi. Kudziko la eni, kupeza anthu oti nonse mupise manja m'chakudya chimodzi, mafuta ali chuchuchu m'zala, mukuseka mpaka usiku, ndi chinthu chachikulu, ndipo ine sindikufuna kuti muchitaye.

Koma ndilankhule mosapita m'mbali. Zomwe mwafotokozazi si tsabola. Zikuoneka kuti nyama za zigobazi zikukuwengani, ndipo zomwe zinachitika sabata yathayi zinafika kale pamlingo womwe timautcha anaphylaxis, chifukwa zinagwira khungu ndi njira ya mpweya nthawi imodzi. Musadyenso crawfish, shrimp, nkhanu kapena lobster, ngakhale kulawa kokha, kufikira mutaonana ndi dokotala woona za ziwengo.

Anzanuwo sakukunamizani dala. Tsabola amasokoneza anthu chifukwa zina zomwe amachita zimafanana ndi ziwengo. Mu tsabola muli capsaicin, yemwe amagwira timitsempha tomwe timamva kutentha, ndiye ubongo umaona ngati m'kamwa mwapsa. N'chifukwa chake munthu amatuluka thukuta, mamina, misozi, nkhope n'kufiira. Milomo imathanso kuwawa ndi kutukuka pang'ono, makamaka pa chakudya chotere chomwe mumayamwa zigoba zoviikidwa m'msuzi wa tsabola kwa ola lathunthu. Koma tsabola ali ngati khala la moto, amawotcha pomwe wagwera basi. Amawawa pamilomo, palilime, m'zala, m'maso mukadzitikita, ndipo mawa lake kuchimbudzi. Satulutsa zidzolo kumsana komwe sanafikeko. Komanso tsabola amawawa, sayabwa. Munthu akandiuza kuti m'manja kapena kuphazi munayamba kuyabwa kenako zidzolo zinatuluka malo ovala zovala, ndimadziwa kuti chinthucho chalowa m'magazi ndipo thupi lonse layamba kulimbana nacho. Mkaka kapena yogati zimaziziritsa tsabola chifukwa capsaicin amasungunuka m'mafuta, koma pa ziwengo sizithandiza kanthu. Ndipo inu amene munakulira pa kambuzi, tsabola wa cayenne yemwe amagwiritsa ntchito kwambiri powiritsa zimenezi si woti angakudabwitseni.

Nanga bwanji chambo ndi usipa sizinakuwengenipo? Chifukwa nsomba ndi nyama za zigoba si pachibale. Chomwe chimawenga anthu mu nsomba nthawi zambiri ndi puloteni yotchedwa parvalbumin, pamene mu shrimp, crawfish ndi nkhanu ndi ina yotchedwa tropomyosin. Munthu akhoza kudya nsomba moyo wake wonse popanda vuto koma shrimp imodzi n'kumugwetsa. Tropomyosin siwonongeka ndi moto. Muwiritse, muwotche, mukazinge, imakhalapobe, ndipo imatsalira m'madzi omwe mwawiritsiramo. Imafanana kwambiri pakati pa shrimp, crawfish, nkhanu ndi lobster, moti amene chimodzi chamuwenga timamuletsa zonse zinayi. Za nkhono za m'nyanja monga oyster, mussel ndi clam, pamodzi ndi squid, ndi gulu lina. Ena zimawawenga, ena ayi, ndipo zimenezo akakuuzani ndi dokotala atakuyezani. Pakali pano zipeweninso.

Musadabwenso kuti maulendo awiri oyamba munadya bwino. Ziwengo zimayenda choncho. Asilikali a m'thupi amayamba akumana nacho chinthucho, n'kuchilemba molakwika ngati mdani, n'kupanga zida zotchedwa IgE. Ulendo wotsatira chikangolowa, zidazo zimadzutsa maselo ena omwe amakhuthula histamine ndi mankhwala ena m'thupi, ndiye mitsempha ya magazi imatseguka, khungu limatupa, njira ya mpweya imachepa. Kuyabwa kwa m'kamwa komwe munakumva poyamba kuja n'kutheka kuti linali chenjezo loyamba. Ziwengo za nyama za zigoba zimakonda kuyamba munthu atakula kale, ndipo kawirikawiri sizitha, kusiyana ndi za mkaka kapena mazira zomwe ana ambiri zimawasiya akamakula.

Pali china chomwe chikukhudza ife ochokera kwathu. Tropomyosin yofanana nayo imapezeka mu mphemvu, mu tinthata tosaoneka ndi maso tomwe timakhala m'fumbi la m'nyumba ndi m'matiresi, komanso mu tizilombo tomwe timadya. Anthu ambiri a mphumu thupi lawo limadana kale ndi tinthata timeneti, ndipo nthawi zina apa m'pamene pamayambira vuto la shrimp. Mukadzapita ku Zomba nthawi ya dzinja anthu akukazinga ngumbi, kapena wina akakuninkhani ziwala kapena bwanoni, musangotapa chifukwa choti munkadya muli mwana. Mukamufunse dokotala wanu za zimenezi, ndipo mukamufotokozere bwino kuti kwathu ndi ndiwo, chifukwa iye sangaziganizire yekha.

Ibuprofen ndi mowa mwachita bwino kuzitchula. Mankhwala a gulu la ibuprofen ndi asipilini, mowa, masewera olimbitsa thupi, ngakhale nthawi ya msambo, zonsezi zimatha kuchititsa kuti ziwengo zomwe zikanakhala zazing'ono zikule. Inu munali nazo zitatu tsiku limodzi. Koma pamenepa samalani ndi maganizo akuti "ndiye ndikapanda kumwa mowa ndi ibuprofen ndidya bwino". Ulendo wotsatira ukhoza kukhala wochepa, ukhoza kukhala woopsa kuposa uwu, ndipo palibe dokotala amene angalosere. N'zoonanso kuti ibuprofen payekha amatha kutupitsa milomo ndi kutulutsa zidzolo mwa anthu ena. Ndiye pa ululu wa msambo, kufikira mutayezedwa, gwiritsani ntchito paracetamol, yemwe kumeneko mumupeza ndi dzina loti acetaminophen kapena Tylenol.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu ndi mphumu ija pamodzi ndi Benadryl. Anthu a mphumu ndi amene ziwengo za chakudya zimawapweteka koposa, chifukwa mapapo awo sachedwa kutsekeka. Ndipo Benadryl, monganso Piriton wathu uja, amathandiza kuyabwa ndi zidzolo zokha. Satsegula mmero, sakweza magazi akatsika, ndipo amatenga nthawi kuti ayambe kugwira ntchito. Pa zaka zomwe ndakhala ndikulandira odwala mwadzidzidzi, amene ndawaona akufika mochedwa ambiri nkhani yawo imafanana: anamwa piritsi, anakhala pansi kudikira, ena anapita kukadzitsekera kubafa chifukwa cha manyazi. Sabata yatha zinatha zokha ndipo tikuthokoza Mulungu, koma musadalire kuti piritsi lija ndilo linakupulumutsani.

Tsono za lesitilantiyo. Kaphikidwe kameneka kanachokera ku Louisiana, kwa anthu a mtundu wa Cajun, zidzukulu za anthu olankhula Chifalansa omwe anathamangitsidwa ndi Angerezi kum'mawa kwa Canada kuyambira 1755. Crawfish zambiri amaziweta m'minda ya mpunga, ndipo zimachuluka kuyambira March mpaka May, n'chifukwa chake miyezi imeneyi aliyense ku Houston amakamba zomwezo. Zothira batala ndi adyo mu jumbo zinabwera ndi anthu ochokera ku Vietnam omwe anakhazikika m'mbali mwa nyanja kumeneko nkhondo ya kwawo itatha mu 1975. Ndikukuuzani izi kuti muone kuti mtima wa chakudyachi ndi mphika umodzi. Chimanga, mbatatesi, soseji, mazira, bowa, zonse zimawira m'madzi omwemo ndi crawfish, ndipo kukoma kwake kumachokera pomwepo. Choncho maganizo akuti "ndingodya chimanga ndi mbatatesi zokha" ndi oopsa. Zonsezo zamwa msuzi womwewo. Tchipisi ndi nkhuku yokazinga m'malo otere nthawi zambiri zimalowa m'mafuta omwe akazingiramo shrimp. Mnzanu amene wangosenda crawfish akakupatsirani buledi kapena kukutsegulirani botolo, manja akewo ali ndi msuzi. Ndipo nthunzi yochokera m'miphika ndi m'majumbo akangowatsegula imanyamula puloteni ija. Si onse amene nthunzi imawavuta, koma kwa munthu wa mphumu imatha kuyambitsa kubanika asanalawe kanthu.

Ndiye pa funso lanu loti mupite kapena ayi, yankho langa ndi ili: musanayezedwe komanso musanakhale ndi jekeseni ya epinephrine (mankhwala otsegula njira ya mpweya ziwengo zikafika poopsa) m'chikwama, musalowe m'lesitilanti imeneyo. Mwezi ndi nthawi yokwanira kuyambapo. Imbani kwa dokotala wanu sabata ino, munene momveka kuti milomo inatupa, zidzolo zinatuluka thupi lonse ndipo mmero unathina mutadya shellfish, lomwe ndi dzina la nyama za zigobazi m'Chingerezi. Mawu amenewo amafulumizitsa zinthu. Dokotala wamba akhoza kukulemberani epinephrine tsiku lomwelo uku mukudikira kuonana ndi katswiri wa ziwengo, yemwe kumeneko amamutcha allergist.

Kwa katswiriyo, chachikulu ndi nkhani yanu, kuposa makina. Akakufunsani chomwe munadya, mphindi zomwe zinadutsa, chomwe chinayamba ndi chomwe chinatsatira. Kenako akhoza kudontheza timadzi ta shrimp, nkhanu ndi zina pamkono n'kubaya pang'ono pakhungu, ndipo zotsatira zimaoneka pakatha mphindi 15 mpaka 20. Akhozanso kuyeza IgE m'magazi. Akakuuzani kuti musiye Benadryl ndi mankhwala ena a gulu lake masiku angapo musanayezedwe pakhungu, chifukwa amabisa zotsatira, ndipo mwina akakupemphani kudikira masabata angapo kuchokera tsiku lomwe munadwala. Zotsatira zikakhala zosamveka, pali njira yodyetsa munthu pang'onopang'ono ali m'chipatala, mankhwala ali pafupi. Kuyesa kumeneko malo ake ndi okhawo, osati patebulo la lesitilanti. Ndikupemphaninso kuti musataye ndalama pa zoyezera zogula pa intaneti zomwe amati zimaonetsa zakudya zambirimbiri zosagwirizana ndi thupi. Zambiri zimayeza IgG, yomwe imangosonyeza kuti munadyapo chakudyacho.

Zikapezeka kuti si nyama za zigobazo, katswiriyo ayang'ana kwina: ibuprofen uja, mbewu ya mpiru kapena selari zomwe zimakhala m'zokometsera zina, kapena mankhwala a sulfite omwe asodzi ena amathira pa shrimp kuti isade, omwe amadzutsa mphumu mwa anthu ena. Ngati mungathe, funsani kulesitilantiko zomwe amathira m'msuzi wawo, mupite nazo zolemba.

Jekeseni ija mufunika kuidziwa bwino, inu ndi anzanu awiri kapena atatu omwe mumayenda nawo. Ya munthu wamkulu imakhala ya 0.3 mg, ndipo amakonda kupereka ziwiri, zomwe muyenera kuyenda nazo zonse. Mumabaya kunja kwa ntchafu, ngakhale pamwamba pa thalauzi. Kuyambira 2024 kumeneko kulinso epinephrine wopopera m'mphuno, mukhoza kufunsa ngati angakuyenereni. Nthawi yobaya ndi pamene mwamva mmero ukuthina, mawu akusasa, lilime likutupa, mukubanika kapena kutsokomola mosalekeza, mukumva chizungulire ngati mukomoka, kapenanso zidzolo zabwera pamodzi ndi kusanza kapena kupotokola kwa m'mimba. Bayani kaye, kenako wina aimbe 911 kuitana ambulansi. Gonani chagada miyendo ili m'mwamba. Ngati kupuma kukuvuta, khalani tsonga, koma musaimirire kapena kuyenda, chifukwa magazi akatsika kuimirira mwadzidzidzi n'koopsa. Pakadutsa mphindi 5 popanda kusintha, bayani yachiwiri. Mtima udzathamanga, manja adzanjenjemera, zimenezo ndi mankhwalawo ndipo zimatha. Mukakayikira ngati mubaye kapena ayi, bayani. Ndipo ngakhale mupeze bwino, pitani kuchipatala, chifukwa mwa anthu ena zizindikiro zimabwereranso patatha maola angapo.

Ndikudziwa kuti abale athu ambiri kumeneko amaopa ambulansi chifukwa cha bilu. Mantha amenewo ndi omveka. Koma dziwani kuti pali lamulo la 1986 lomwe limakakamiza zipatala zolandira odwala mwadzidzidzi kuti zikuoneni ndi kukuthandizani kaye, kaya muli ndi inshulansi kapena ayi. Bilu imabwera pambuyo, ndipo imakambidwa, zipatala zambiri zili ndi ndondomeko yochotsera kapena yolipira pang'onopang'ono. Musadziyendetse nokha pagalimoto mmero ukuthina.

Mudzafunikanso kutsegula maso pa zakudya zina zomwe simungaziganizire. Gumbo ndi jambalaya nthawi zambiri mumakhala shrimp kapena msuzi wake. Mpunga wokazinga wa m'malesitilanti a Chitchaina, ma curry a ku Thailand omwe amathira phala la shrimp, kimchi wa ku Korea, zonsezi funsani. Ku Houston kuli anzathu ambiri a ku Nigeria, ndipo m'ndiwo zawo monga egusi amakonda kuthira ufa wa tishrimp touma womwe iwo amautcha crayfish, wosaoneka ndi maso ukalowa mumphika. Pa zakudya za m'mapaketi, lamulo la ku America la 2004 limati alembe ngati muli shrimp, nkhanu, lobster kapena crawfish, koma silikhudza oyster ndi mussel, ndipo silikhudza chakudya chomwe akuphikirani m'lesitilanti. Kumeneko muyenera kunena ndi pakamwa panu, musanaitanitse, kuti muli ndi shellfish allergy. Mukadzamva wina akuti vuto lanu ndi iodine ndipo simungajambulidwe ndi mankhwala obaya m'mitsempha, dziwani kuti chimenecho ndi chikhulupiriro chakale chomwe madokotala anachisiya.

Za anzanu. Auzeni zoona, mosachita nthabwala komanso mosapepesa: "Dokotala akuti chija sichinali tsabola, chikanatha kunditseka mpweya, ndiye sindingalowe kumene kuja mpaka nditayezedwa." Ku America anthu nkhani ya ziwengo za chakudya anaizolowera kuyambira kusukulu, ndipo ndikukhulupirira kuti akangomva mawu oti allergy atengako mbali. Mnzanu amene anathamangira kukupatsani Benadryl uja ndi munthu woti mumuphunzitse kubaya jekeseni. Pa tsiku lobadwalo, mukhoza kukumana nawo akatuluka, kokadula keke kapena kokamwa tiyi, bola asambe m'manja ndi sopo, chifukwa sanitaiza sachotsa puloteni ya chakudya. Ngati muli ndi chibwenzi pagululo, asakupsompsoneni atangodya kumene. Lachisanu lina apempheni kuti musinthe malo, ku Texas nyama yowotcha sisowa. Kapena aitanireni kwanu, muwaphikire nsima ndi nkhuku, nawonso adye ndi manja. Katswiri akadzakuyezani ndi kuona mmene mphumu yanu ilili, ndi amene adzakuuzeni ngati mungakhale nawo patebulo lakunja, kumphepo, mutadya kale kunyumba.

Popeza kalatayi aiwerenganso ena omwe zakudyazi siziwawenga ndipo amazikonda, ndinene zochepa kwa iwo. Zowiritsa bwino n'zotetezeka, ngakhale kwa mayi woyembekezera, chifukwa shrimp, nkhanu ndi crawfish zili ndi mercury wochepa. Choopsa ndi zosaphika zomwe malo omwewa amagulitsanso, makamaka oyster yaiwisi m'miyezi yotentha. Mumatha kukhala bakiteriya wa Vibrio vulnificus, yemwe amapha pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu aliwonse omwe adwala naye, ndipo amene ali ndi matenda a chiwindi, shuga, kapena chitetezo chotsika asayandikire n'komwe. Tsabola, mandimu ndi mowa sizipha tizilomboti. Mussel kapena clam yomwe sinatseguke powira, tayani. Crawfish yomwe mnofu wake ndi wofewa ngati phala kapena ikununkha, isiyeni. Zotsala zisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kuposa madigiri 32 a Celsius ndi ola limodzi lokha, zomwe ku Houston sizichedwa kuchitika jumbo ili m'galimoto. Mcherenso ndi wambiri zedi, makamaka mu mbatatesi, chimanga ndi soseji. Bungwe la WHO limati munthu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, ndipo amene ali ndi BP kapena vuto la impso akhoza kupyola pamenepo pa chakudya chimodzi chotere. A gout asamale ndi kuphatikiza zigoba ndi mowa. Kutsekula m'mimba kokhala ndi magazi, kutentha thupi, kapena kusanza kosalola ngakhale madzi ndi zopita nazo kuchipatala. Chimodzimodzi kuphwanya kwa minofu koopsa ndi mkodzo wakuda pasanathe tsiku mutadya crawfish, omwe ndi matenda osowa otchedwa Haff koma amawononga impso.

Inu achemwali, lero lomwe lembani papepala zonse zomwe mukukumbukira za tsiku lija: nthawi yomwe munamwa ibuprofen, nthawi yomwe munayamba kudya, chomwe munayamba kudya, ndi mmene zizindikiro zinatsatirana. Ngati wina anakujambulani milomo itatupa, mupemphe chithunzicho. Mukanenenso za mphumu ija ngakhale papita zaka isanakuvuteni, kuti akayeze mapapo anu ndi kuona ngati mukufunika mankhwala opopera. Ndipo ngati musanakaonane ndi dokotala mutamvanso mmero ukuthina kapena mpweya ukuchepa pa chakudya china chilichonse, imbani 911 nthawi yomweyo.